Kodi Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse inapindikira pati?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera. Tikafika pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, ana amaloweza mayina a Sarajevo, Verdun, Somme ndi Versailles, koma akandifunsa kuti kwenikweni Germany inagonjera pati, ndimasowa yankho logwira mtima. Pa zonse zimene zinachitika m'zaka zinayi zija, zikuluzikulu ndi ziti? Nanga asilikali a KAR (King's African Rifles) ndi amtengatenga athu akulowa pati m'nkhaniyi?

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo akufunsa zanzeru. Chikukusowetsani yankho n'choti palibe malo amodzi amene tingaloze n'kunena kuti Germany inagwera apa. Tsiku limene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya, pa 11 Novembala 1918, asilikali ake anali adakali m'minda ya eni ku France ndi ku Belgium. Mmene ndimaionera ine, nkhondoyi inapindika kawiri. Koyamba ndi mu Seputembala 1914 pamtsinje wa Marne, pamene zinadziwika kuti siitha msanga. Kachiwiri ndi mu Januwale 1917, pamsonkhano wa anthu owerengeka, pamene akuluakulu a Germany anadziputira okha America. Pakati pa ziwirizi ndiponso pambuyo pake, wopambana anali amene akanatha kudyetsa anthu ake ndi kufikitsa katundu kumene akufunika. Ukutu n'kumene amtengatenga athu akulowera.

Za Sarajevo ndisachedwepo. Pa 28 Juni 1914 Gavrilo Princip, mnyamata wa zaka 19, anawombera Franz Ferdinand, yemwe ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, pamodzi ndi mkazi wake Sophie. Muwakumbutse ana kuti masiku amenewo atsogoleri ankaphedwa kawirikawiri: mfumu ya Italy mu 1900, Pulezidenti McKinley wa America mu 1901, mfumu ya Portugal mu 1908, koma dziko silinayake moto. Chimene chinasandutsa maliro kukhala nkhondo ndi zimene anthu ochepa anasankha mwezi wa Julayi. Pa 5 ndi 6 Julayi boma la Germany linalonjeza Austria kuti liikhalira kumbuyo pa chilichonse ingaichite Serbia. Pa 23 Julayi Austria inatumizira Serbia mndandanda wa zofuna zake, wolembedwa dala kuti ukanidwe, n'kupereka maola 48 okha oyankhira. Serbia inavomera pafupifupi zonse, komabe pa 28 Julayi Austria inalengeza nkhondo. Russia inasonkhanitsa asilikali ake kuti iteteze Serbia. Germany inalengeza nkhondo pa Russia pa 1 Ogasiti, pa France pa 3 Ogasiti, ndipo pa 4 Ogasiti inalowa mu Belgium, dziko limene Britain inasainira pangano la 1839 loti lisamakhudzidwe ndi nkhondo za ena. Britain polowa inalowa ndi maiko onse amene inkalamulira, kuyambira India mpaka Nyasaland, ndipo palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa maganizo.

Germany inkadziwa kuti singalimbane ndi France ndi Russia nthawi imodzi kwa zaka zambiri. Mapulani ake, amene timawatchula ndi dzina la Schlieffen, anali oti idutse mu Belgium, izungulire asilikali a France n'kuwamaliza m'masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, kenako ikweze asilikali sitima kupita kum'mawa Russia isanakonzeke. Zinatsala pang'ono kutheka. Boma la France linachoka mu Paris kupita ku Bordeaux. Koma taonani chimene chinalepheretsa. Asilikali a Germany a mbali ya kumanja anali atayenda wapansi kwa sabata zitatu, makilomita 30 kapena kuposa pa tsiku, m'nyengo yotentha, atasiya njanji kutali kumbuyo kwawo chifukwa anthu a ku Belgium ndi France anagumula milatho. Chakudya, zipolopolo ndi msipu wa akavalo zinkabwera mochedwa. Pamenepo Joseph Joffre, mkulu wa asilikali a France, anali ndi njanji zake zonse zili bwinobwino, ndipo anasamutsa magulu athunthu kuchoka kum'mawa kuwabweretsa pafupi ndi Paris. Helmuth von Moltke, mkulu wa asilikali a Germany, anali ku Luxembourg, kutali ndi kumene anyamata ake ankamenyana, ndipo anali atatapako kale magulu awiri akuluakulu kuwatumiza kukalimbana ndi Russia. Maguluwo anafika kum'mawa Hindenburg ndi Ludendorff, akuluakulu a asilikali a Germany kumeneko, atapambana kale ku Tannenberg, choncho sanathandize uku kapena uko.

Kuyambira pa 5 Seputembala Afalansa anabwezera. Pakati pa gulu loyamba ndi lachiwiri la Ajeremani panatseguka mpata wa makilomita pafupifupi 50, Angelezi ndi Afalansa n'kulowa mumpatamo. Pa 9 Seputembala Ajeremani anayamba kubwerera m'mbuyo, anakaima pamtsinje wa Aisne n'kukumba ngalande zobisalamo. Pofika kumapeto kwa chaka ngalandezo zinali zitayala kuchokera kunyanja ya North Sea mpaka kumalire a Switzerland, makilomita pafupifupi 700. Nkhondo yaifupi, imene inali yokhayo Germany ikanapambana mosavuta, inafera pomwepo. Yotsala inali nkhondo ya yemwe ali ndi anthu ambiri, chakudya chambiri ndi sitima zambiri, ndipo pa zitatu zonsezi adani ake anali patsogolo.

Tsiku lomwelo la 9 Seputembala 1914 kunali kumenyana ku Karonga. Asilikali a Germany ochokera kutsidya kwa Songwe anaukira boma, asilikali a King's African Rifles n'kuwabweza. Mwezi umodzi izi zisanachitike, pa 13 Ogasiti, sitima ya Gwendolen motsogozedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades inapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli, n'kuiwombera. Kaputeni wa sitimayo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Nkhaniyi imaoneka yaing'ono, koma inasiya nyanja yonse m'manja mwa Angelezi, ndipo nyanjayo ndiyo inadzakhala msewu wa katundu wa nkhondo kwa zaka zinayi. Mzinga wa Gwendolen ulipo mpaka lero ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Ngati sukulu yanu ili kufupi, apititseni ana akauone.

Imfa za ku Karonga ndizo zinachititsa M'busa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Anafunsa chifukwa chimene anthu osauka, amene pa mtendere salabadiridwa, akuitanidwira kukafera nkhondo yosakhala yawo, nati apite okha eni chuma ndi eni minda. Boma linathamangira kuiletsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa. Thangata ndi kutenthedwa kwa matchalitchi ake pa esiteti ya Bruce zinali kale zilonda, koma nkhondo ndiyo inazitukusira. Ine ndimauika mkangano umenewu pamndandanda wa zandale zikuluzikulu za nkhondoyi, chifukwa funso limene Chilembwe anafunsa mu 1914 ndi lomwe asilikali a Russia anadzafunsa mu 1917 ndi amalinyero a Germany mu 1918.

Zaka za 1915 ndi 1916 ndizo zimadzaza mabuku, koma sindizitcha popindikira. Ku Ypres, pa 22 Epulo 1915, Ajeremani anatulutsa mpweya wapoizoni. Ku Gallipoli Angelezi, Afalansa, asilikali a Australia ndi New Zealand analephera kutsegula njira yopita ku Constantinople. Winston Churchill anachotsedwa pa udindo woyang'anira sitima zankhondo, pamene Mustafa Kemal, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a Ottoman (Turkey), anatchuka kumeneko. Chaka chomwecho boma la Ottoman linayamba kupulula anthu a mtundu wa Armenia. Ku Verdun, kuyambira pa 21 Febuluwale mpaka Disembala 1916, anthu pafupifupi 700,000 a mbali zonse ziwiri anaphedwa kapena kuvulala, malire osasuntha kwenikweni. Ku Somme, tsiku loyamba lokha, pa 1 Julayi 1916, Britain inataya anthu 57,470, mwa iwo 19,240 akufa. Chifukwa chake n'chosavuta kufotokozera ana. Mfuti ya chiwaya, waya waminga ndi mizinga zinapatsa mphamvu wobisala m'ngalande kuposa wothamangira kutsogolo. Ngakhale woukira aboole mzere, ankapitirira wapansi m'matope, pamene wodziteteza ankabweretsa asilikali atsopano pa sitima n'kutseka bowolo. Akuluakulu a asilikali anachedwa kuvomereza zimenezi, ndipo kuchedwa kwawoko kunalipiridwa ndi ana a eni.

Chimene chinkagwira ntchito mwakachetechete chinali panyanja. Kuyambira 1914 sitima za Britain zinatsekera Germany njira za panyanja zolandirira chakudya, feteleza ndi zipangizo kuchokera kunja. Pa 31 Meyi 1916, ku Jutland, Ajeremani anamiza sitima zambiri za Angelezi kuposa zimene anataya okha, koma anabwerera kudoko mpanda uja uli chiimire. M'nyengo yozizira ya 1916 kulowa 1917 mbatata zinakanika ku Germany, anthu n'kumadya mizu imene kale ankadyetsa ziweto. Anthu wamba oposa 400,000 akuganiziridwa kuti anafa ndi njala ndi matenda obwera ndi njalayo nkhondo isanathe.

Njala imeneyo ndiyo inabala msonkhano wa pa 9 Januwale 1917 ku Pless. Akuluakulu a sitima zankhondo anauza mfumu ya Germany, Kaiser Wilhelm II, kuti akaloledwa kumiza sitima iliyonse yopita ku Britain popanda chenjezo, matani 600,000 pamwezi, Britain ipempha mtendere m'miyezi isanu. Hindenburg ndi Ludendorff anagwirizana nazo. Mkulu wa boma, Bethmann Hollweg, ankadziwa bwino kuti America siikhala chete, pakuti inali itakwiya kale mu Meyi 1915 pamene sitima ya Lusitania inamizidwa n'kupha anthu pafupifupi 1,200, mwa iwo 128 a ku America. Anatsutsa, kenako anagonja. Pa 1 Febuluwale sitima zoyenda pansi pa madzi zinayamba ntchito. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, nduna yoona za kunja, Arthur Zimmermann, inatumiza uthenga wachinsinsi ku Mexico wolonjeza kuithandiza kulandanso Texas, New Mexico ndi Arizona ikalowa mbali ya Germany. Akazitape a Britain anaugwira uthengawo n'kuumasulira, ndipo unatuluka m'nyuzipepala za ku America pa 1 Malichi. Pa 6 Epulo America inalengeza nkhondo.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali ndikamaphunzitsa, chifukwa masiku ake ndi ochititsa nthumanzi. Patangopita sabata zisanu chiyambire kumiza sitima, akazi a ku Petrograd, likulu la Russia nthawi imeneyo, anali pamsewu kufuna buledi, asilikali anakana kuwawombera, ndipo pa 15 Malichi 1917 Tsar Nicholas II anatula pansi ufumu. Mu Meyi ndi Juni magulu ambiri a asilikali a France anakana kupita kutsogolo pambuyo pa kulephera kwa nkhondo imene mkulu wawo Nivelle anatsogolera. Britain inali itatsala pang'ono kusowa ndalama zogulira katundu ku America. Adani a Germany ankagwa okha, koma iyo, chifukwa chosaleza mtima miyezi iwiri, inali itawaitanira kale dziko lolemera kuposa onse. Sitima zoyenda pansi pa madzi zija zinamizadi matani oposa 800,000 mu Epulo 1917 mokha, koma Angelezi atayamba kuyendetsa sitima za katundu m'magulu operekezedwa ndi zankhondo, chiwerengerocho chinatsika, ndipo Britain sinagwade.

Ajeremani analola Lenin kudutsa m'dziko lawo pa sitima mu Epulo 1917 kuti akasokoneze Russia, ndipo zinathekadi. Pa 7 Novembala gulu lake linalanda boma, ndipo pa 3 Malichi 1918 linasaina pangano la Brest-Litovsk, kutaya Poland, Ukraine, Finland ndi maiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Pamenepanso dyera linaipweteka Germany: inasiya asilikali pafupifupi miliyoni imodzi kum'mawa kulondera zimene inalanda. Kutatsala masiku asanu kuti gulu la Lenin lilande boma, pa 2 Novembala 1917, nduna ya Britain yoona za kunja, Balfour, inalemba kalata imene Britain inali yolonjeza Ayuda kwawo ku Palestine, itagawana kale ndi France madera a Aluya m'pangano lachinsinsi la Sykes ndi Picot la 1916, ndiponso italonjeza Aluyawo ufulu. Ana anu akamamva za Gaza pa wailesi, mizu ina ya nkhaniyo ili pamenepa.

Pa 21 Malichi 1918 Ludendorff anaponya mphamvu zake zonse kumadzulo, kufuna kumaliza asilikali a America asanachuluke. Anaboola mzere wa Angelezi n'kulowa makilomita pafupifupi 60, zimene palibe anachitapo chiyambire 1914. Koma vuto la pa Marne linabwereranso: mizinga ndi chakudya zinatsalira m'mbuyo, ndipo anyamata anjala atapeza nkhokwe za Angelezi zodzaza, ankaima n'kumadya. Mantha a masiku amenewo anakakamiza Britain ndi France kuika asilikali awo onse pansi pa munthu mmodzi, Ferdinand Foch. Pofika Julayi Germany inali itataya anthu oposa 800,000 amene sakanalowedwa m'malo, pamene America inkatsitsa ku France asilikali oposa 250,000 mwezi uliwonse. Pa 8 Ogasiti, ku Amiens, Ajeremani ankadzipereka okha m'magulumagulu. Bulgaria inagonja pa 29 Seputembala, Ottoman pa 30 Okutobala, Austria-Hungary pa 3 Novembala. Amalinyero a ku Kiel anagalukira akuluakulu awo, ndipo pa 9 Novembala Kaiser anachotsedwa.

Pali chinthu chimodzi chandale chimene musachilumphe. Amene anaumirira kuti Germany ipemphe kuleka nkhondo anali Ludendorff mwini, kumapeto kwa Seputembala. Koma amene anatumizidwa kukasaina m'bogi ya sitima ku Compiègne anali wandale, Matthias Erzberger. Akuluakulu a asilikali anasamba m'manja, kenako n'kumafalitsa bodza loti asilikali sanagonje koma anaperekedwa ndi andale ndi Ayuda kumudzi. Erzberger anaphedwa mu 1921. Bodzalo, pamodzi ndi mkwiyo pa pangano la Versailles la pa 28 Juni 1919, ndilo Hitler anakwererapo, ndipo mu Juni 1940 anasainitsa France kugonja m'bogi yomweyo.

Tsopano tibwerere kwathu. Bwanamkubwa wa German East Africa, Heinrich Schnee, ankafuna kuti dzikolo lisalowe m'nkhondo. Mkulu wa asilikali ake, Paul von Lettow-Vorbeck, sanamumvere. Cholinga chake sichinali kupambana ayi, koma kutangwanitsa asilikali a Britain kuno kuti asapite ku Ulaya. Anabweza Angelezi ku Tanga mu Novembala 1914, ndipo kuyambira 1916, pamene Jan Smuts anabwera kuchokera kumpoto ndi Edward Northey kuchokera ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, iye anayamba kuthawa akumenya. Azungu a ku South Africa ndi asilikali a ku India anatha ndi malungo ndi kamwazi, choncho nkhondoyo inatsalira anthu akuda. KAR inakula kwambiri, ndipo Nyasaland yokha inapereka asilikali pafupifupi 19,000.

Akavalo, abulu ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe, magalimoto ankatitimira mvula ikagwa, njanji inathera ku Blantyre. Katundu ankachokera ku Chinde, kukwera Zambezi, kulowa sitima, kudutsa Zomba mpaka Fort Johnston (lero ndi Mangochi), kuwoloka nyanja pa sitima monga Chauncy Maples imene boma linatenga kwa amishoni, ndipo kuchokera pagombe zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Apatseni ana masamu awa: mtengatenga ankasenza makilogalamu pafupifupi 25, ndipo phoso lake linali ngati kilogalamu imodzi pa tsiku. Ulendo wa masiku khumi kupita ndi khumi kubwerera, wadya pafupifupi mtolo wake wonse. Ndiye panafunika amtengatenga osenzera chakudya amtengatenga anzawo, mzere n'kumangotalika. Nyasaland, imene inali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, inapereka amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Amesenjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku, mafumu ndi nyakwawa ankapatsidwa chiwerengero choti akwanitse, ndipo kumene amuna athawira kuthengo ankagwira akazi awo mpaka amunawo atulukire. Minda inagonera, njala n'kulowa. Kutsidya kwa malire, Apwitikizi anachita zomwezo mwankhanza zoposa, ndipo mu Malichi 1917 anthu a ku Barue anagalukira, Asena, Ansenga ndi Achikunda a m'chigwa cha Zambezi n'kulowa nawo. M'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa, Britain inalemba anthu onyamula katundu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mabuku ake omwe amavomereza kuti pafupifupi 95,000 anafa. Akuluakulu athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya.

Mabuku ambiri a ku Ulaya amamutamanda Lettow-Vorbeck kuti ndi ngwazi yosagonja. Ine sindingawaphunzitse ana choncho. Iye ankadyetsa gulu lake polanda nkhokwe za anthu, n'kutentha zotsala kuti omutsatira asapeze kanthu, ndipo anthu wamba amene anafa ndi njala m'dziko limene ankati akuliteteza amawerengedwa m'ma 300,000. Pa 25 Novembala 1917 anawoloka Ruvuma pa Ngomano kulowa mu Mozambique, anafika mpaka ku Namacurra kufupi ndi Quelimane, anabwereranso kumpoto, anazungulira nyanja yathu chakumtunda n'kulowa mu Northern Rhodesia. Anatenga Kasama, ndipo uthenga woti nkhondo yatha unamupeza pamtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala 1918. Anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala, ali ndi Ajeremani 155 ndi asilikali akuda ongopitirira 1,100. Choncho mwana akalemba pa mayeso kuti nkhondo inatha pa 11 Novembala mumuchongere, koma adziwe kuti kuno inapitirira sabata ziwiri.

Obwerera kumudzi anabwera m'nyengo ya chimfine choopsa cha 1918, chimene chinayenda m'njira zomwezo za amtengatenga n'kupha anthu ambirimbiri. Anabweranso ndi perete wa asilikali amene timamuona m'magule a beni, malipenga ndi mganda. Ku Versailles dziko la German East Africa linagawidwa eni ake palibe: Tanganyika kwa Britain, Ruanda-Urundi kwa Belgium, kachigawo ka Kionga kwa Portugal. Nsanja ya KAR ku Zomba ili ndi mayina a asilikali, koma amtengatenga ambiri anaikidwa m'mbali mwa njira popanda cholembedwa. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. Mayina ena adakalipo m'mabanja. Atumeni ana anu akafunse agogo awo ngati pamtundu pawo panali wina amene anapita ku Karonga, ku Songea kapena ku Mozambique, msilikali kaya mtengatenga, ndipo alembe dzina lake, mudzi wake, mfumu yake, ndi ngati anabwerako.